Magomero: goli adalidula, koma mwana sadachoke m'munda

Pa 16 Julayi 1861 mdipiti wa anthu omangidwa udalowa m'mudzi mwa Mbame, pamtunda wokwera kuchokera ku Shire. Amuna adali m'magoli, amayi ndi ana atawalumikiza ndi zingwe, ena atasenza ufa pamutu. Owaperekeza ankayenda monyada, mfuti paphewa, uku akuliza malipenga. Ulendo udali wa ku Tete. Sadadziwe kuti m'mudzimo mwafika alendo: David Livingstone, Amakololo ake, ndi amishoni a Universities' Mission to Central Africa amene ankafunafuna malo okhazikikapo. Atangoona nkhope zoyera, eni mfuti aja adaliyatsa liwiro la mtondo wadooka kulowa m'tchire, n'kusiya anthu 84 ali chilili pabwalo.

Zingwe adadula ndi mipeni. Magoli ndiwo adavuta, mpaka padafunika sowo. Atamasulidwa, anthuwo adauzidwa kuti aphike ufa adasenza uja adye, ndipo nkhuni zake zidali magoli omwewo. Bishopu Charles Frederick Mackenzie, mtsogoleri wa amishoniwo, nthawiyi n'kuti ali kumtsinje kukasamba. Pobwera adapeza ali ndi anthu 84 oti awadyetse, awaveke ndi kuwateteza, iye asadamange ngakhale chisakasa.

Kusukulu nkhaniyi imathera pomwepa, pamene goli likugwa pansi. Koma mbiri ya Magomero ili m'zimene zidatsatira, ndipo ikukhudzana ndi mkangano umene uli mkamwamkamwa kunjaku, wa ana ogwira ntchito m'minda ya koko, mbewu yopangira chokoleti. Koko si mbewu yathu. Funso lake lokha ndi lathu kuyambira kalekale: munthu akamadya, kuvala kapena kusuta chinthu chotchipa chifukwa adachilima ndi mwana wosalipidwa, mlandu ngwa yani? Chopweteka pa Magomero n'chakuti oyenera kuyankha funsoli kawirikawiri adali anthu a mbiri yodana ndi ukapolo.

Ambiri mwa anthu 84 aja adali amayi ndi ana, ndipo sizidangochitika. Msika wa ku Tete unkafuna iwowo, poti ankakawasinthitsa ndi minyanga ya njovu kumtunda kwa Zambezi. Mwana sathawa mtunda wautali, sabwezera, ndipo pakapita zaka njira ya kwawo amaiwala. Mtengo wake udali mikono yowerengeka ya nsalu. Tisadzinamize kuti ogulitsa adali obwera okhaokha. Ayao, amene nawonso adali atathawa nkhondo ndi njala kwawo, ankagwira anthu, inde. Koma mafumu ena a Chimang'anja nawo ankagulitsa anthu awo: amasiye, opanda abale owayankhulira, ana operekedwa pa mlandu wa akuluakulu. Wolowa m'goli ankakhala uja wosowa mwini.

Mfumu Chigunda ndiyo idaitanira amishoniwo kumudzi kwake ku Magomero, poona kuti mfuti zawo ziitchinjiriza kwa Ayao. Malowo ali pamene mtsinje wa Namadzi umakhota, madzi mbali zitatu, ndipo mbali yotsalayo adatseka ndi linga. Miyezi ingapo isadathe m'lingamo mudali anthu oposa 150, ana ali mbwee. M'mawa uliwonse mmishoni Henry Scudamore ankafoletsa anyamata, kuwagubitsa, kenako ulendo wa kumtsinje kukasamba. Masana kudali kuphunzira zilembo, kulima ndi kumanga nyumba. Nthawi yomweyi ndi imene timamva za Daoma, kamtsikana kodwala kamene bishopu mwiniwake adakanyamula paphewa kubwera nako ku Magomero katalephera kuyenda. Chifundo chidalipo ndithu, ndipo sitingachikane.

Koma chifundocho chidayenda ndi mfuti. Mu Ogasiti ndi mu Okutobala 1861 Mackenzie adatsogolera nkhondo kukatentha misasa ya Ayao, atapemphedwa ndi mafumu a Chimang'anja amene adalonjeza kuti sadzagulitsanso munthu. Lonjezolo silidakhalitse. M'modzi mwa amishoniwo, Henry Rowley, adadzazindikira kuti ambiri mwa ana amene ankawasunga adali Ayao omwewo, ndipo ena adafika ku Magomero atagwidwa pa nkhondo za amishoni zomwezo. Munthu wa m'mudzi woyandikana, amene adaona alendo a mfuti akulanda anthu kwa ena n'kuwasonkhanitsa m'linga lawo, akadasiyanitsa bwanji mpulumutsi ndi mbuye watsopano? Landeg White, amene adalemba mbiri ya mudziwu m'buku lake la 1987 lotchedwa Magomero, adafukula bwino chisokonezo chimenechi.

Mvula itayamba chakudya chidachepa. Madzi a Namadzi, omwe khamu lonselo linkamwa, kusambamo ndi kutayamo zonyansa, adabweretsa kamwazi, ndipo ana adayamba kufa motsatizana. Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pachilumba cha pamathiriro a Ruo, mankhwala ake atamira bwato litagubuduzika. Mnzake Henry Burrup adafika ku Magomero atanyamulidwa, namwalira mu Febuluwale, ndipo manda ake alipo mpaka lero. Mu Epulo amishoni otsala adatsikira kwa Chibisa, kuchigwa cha Shire, kumene chilala ndi njala ya 1862 ndi 1863 zidawapezanso. Bishopu watsopano, William Tozer, adasamutsa mishoni yonse, potsiriza n'kukakhazikika ku Zanzibar mu 1864, ndipo sadafune kusenza amayi ndi atsikana. Mmishoni wina, Horace Waller, adakana kuwataya. Adatenga ena kupita nawo ku Cape Town, kumene Daoma adakulira n'kukhala mphunzitsi panyumba yolerera ana amasiye. Anyamata awiri mwa omasulidwawo, Chuma ndi Wekotani, adapita ndi Livingstone ku Bombay, ndipo ndi Chuma yemweyo, pamodzi ndi mnzake Susi, amene adatsogolera onyamula mtembo wa Livingstone kuchoka kwa Chitambo mu 1873 mpaka kunyanja ya mchere. Awa ndi amene mayina awo adamveka. Enawo adatsala kuchigwa, ena m'manja mwa Amakololo amene adasanduka mafumu kumeneko, ena m'manda.

Patapita zaka 30 dzina la Livingstone lidabwereranso ku Magomero, ulendo uno litanyamula chikalata cha malo. Alexander Low Bruce, mkulu wa kampani yofulula mowa ku Edinburgh, adali mkamwini wa David Livingstone, poti adakwatira mwana wake Agnes. Iyeyu adapeza maekala oposa 160,000 kuyambira cha ku Namadzi kulowera kuchigwa cha Phalombe, ndipo boma la atsamunda la Harry Johnston lidavomereza. Cholinga, malinga ndi kunena kwake, chidali chija ankalalikira apongozi ake: Chikhristu ndi malonda abwino zilowe m'malo mwa malonda a anthu. Bruce adamwalira mu 1893 asadapondeko. Woyang'anira esitetiyo adali William Jervis Livingstone wa kuchilumba cha Lismore ku Scotland, amene anthu ankamutcha Listonia, ndipo pamwamba pake padadzakhala Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu weniweni wa David.

Adayamba ndi khofi, khofi adakanika. Adatembenukira ku thonje, ndipo Listonia adapeza mtundu wochita bwino kumtunda umene udatchedwa Nyasaland Upland. Thonje limafuna manja ambiri, ndipo manjawo adachokera ku Mozambique. Kuyambira cha m'ma 1900 Alhomwe ankawoloka malire m'magulumagulu, kuthawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Adafika opanda malo, opanda mfumu yowayankhulira. Esiteti idawalandira, idawapatsa pomanga ndi polima, idawasankhira nyakwawa. Malipiro a zonsezi adali thangata.

Papepala thangata idali miyezi iwiri pachaka: umodzi wa lendi ya malo, wina wa msonkho. Boma lidali litakweza msonkho wa nyumba kufika pa masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 okha, ndiye boma ndi esiteti ankadyera mbale imodzi. Kumunda zinthu zidali zina. Mwezi sunkawerengedwa ndi kalendala koma ndi tikiti. Kapitawo ankayeza ndime m'mawa, ndipo tsiku linkalembedwa pokhapokha ndimeyo ikatha. Ikakhala yaikulu moti dzuwa lalowa isadathe, tsikulo lapita pachabe. Motero miyezi iwiri inkasanduka inayi, isanu, mwina kuposa, ndipo idali miyezi ya dzinja, pamene munda wa mwiniwake ukufuna kupalira ndi kubandira. Malipiro nthawi zina adali masamba a fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti sichinkasowa. Amayi amasiye ndi mbeta nawo ankalowa mumzere. Wokana ankamuthamangitsa pamalopo, ndipo kothawira kudali kwa Apwitikizi komwe adachoka kuja.

Nanga mwana ankalowa pati? Ena ankalembedwa ntchito mwachindunji. Katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chijere Chirwa adalemba za ana ndi achinyamata m'minda ya azungu ya Nyasaland kuyambira 1890 mpaka 1953, ndipo adaonetsa kuti sadali ongothandizira: eni minda ankawadalira pothyola khofi, kutola thonje, kupalira ndi kusankha fodya, chifukwa malipiro awo adali ochepa kuposa a munthu wamkulu. Koma njira yaikulu idali yobisika, yosalembedwa m'buku lililonse. Taganizani za mayi amene wapatsidwa muyeso wa thonje woti akwanitse sikelo isadatsekedwe. Zikamba zouma za thonje zikumubaya zala, kumsana kuli khanda, thumba silikudzaza. Aitana ndani? Aitana mwana wake wa zaka 8 kuti atole mzere wa pambali. Madzulo kapitawo alemba tsiku limodzi pa tikiti ya mayiyo, chonsecho atola anthu awiri. Ndipo poti bambo ali ku ndime ya mzungu dzinja lonse, munda wa chimanga wa pakhomo ukupaliridwa ndi ana otsalawo. Mwini esiteti akadatha kulumbira kuti sadalembepo mwana ameneyo ntchito, ndipo sakadanama. Adangokulitsa ndime, zotsalazo njala idamalizitsa yokha.

N'chifukwa chake nkhani ya sukulu idali yaikulu chotere ku Magomero. Alexander Livingstone Bruce sankabisa kuti safuna sukulu kapena tchalitchi pamalo ake. Zifukwa zake n'zosavuta kuziona. Mwana amene ali m'kalasi sali m'munda, ndipo mwana wodziwa kuwerenga amawerengera bambo ake tikiti. Tsono kungodutsa malire a esitetiyo, ku Mbombwe, kudali Providence Industrial Mission imene John Chilembwe adayambitsa mu 1900 atabwerako ku Lynchburg ku America. Mbiri ina imati mayi ake a Chilembwe adali Mmang'anja wogwidwa pa nkhondo, kotero ukapolo sadaumvere m'mabuku. Anthu a pa esiteti adayamba kumanga timatchalitchi taudzu m'midzi mwawo, tomwenso tinkakhala sukulu mkati mwa sabata. Listonia ankatitentha. Bruce, mdzukulu wa munthu amene adadula magoli kwa Mbame, ndiye ankalamula kuti ana a Magomero asaphunzire.

Zaka zomwezo, kutali kunyanja ya Atlantic, pazilumba za São Tomé ndi Príncipe, Apwitikizi ankalima koko wochuluka kwambiri. Ukapolo adali atauthetsa m'malamulo awo, ndiye ogwira ntchito ankatchedwa a kontirakiti. Anthu ankagwidwa mkatikati mwa Angola, kuyenda nawo mpaka kugombe, kuwadindira pepala la zaka 5 limene sankalimva, n'kuwakweza sitima. Zaka zikatha pepala linkangowonjezedwa. Wobwerera kwawo padalibe, ndipo ana obadwira m'mindamo ankakula ali m'manja mwa mwini munda. Mtolankhani wa ku England Henry Nevinson adayenda njira imeneyo, adaona maunyolo amatabwa ndi mafupa a anthu m'mbali mwake, ndipo mu 1906 adatulutsa buku lotchedwa A Modern Slavery.

Pakati pa ogula koko ameneyu padali kampani ya Cadbury ya ku Birmingham, imene inkatenga pafupifupi theka la koko wake kuzilumbazi. Eni ake adali a mpingo wa Quaker, mpingo wa mbiri yaitali yolimbana ndi ukapolo, ndipo antchito awo a ku England adawamangira mudzi wokongola wa Bournville. William Cadbury adamva za nkhaniyi mu 1901. Adapita ku Lisbon kukadandaula, mu 1905 adatuma Joseph Burtt kukafufuza, Burtt adabwera n'kutsimikiza zonse, koma kampaniyo idasiya kugula mu Malichi 1909, itapeza kale kwina kogula ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana. Nyuzipepala ya Standard itawanena kuti ndi achiphamaso, a Cadbury adakasuma. Adati akadasiya kugula msanga sakadakhalanso ndi mawu kwa Apwitikizi, komanso kuti boma la Britain lidawapempha kuti adekhe. Mlandu adawina, koma oweruza adawapatsa chipukutamisozi cha farthing imodzi, kandalama kochepetsetsa ka ku England, gawo limodzi mwa magawo anayi a peni. Oweruzawo adaona chimene ifenso tikuona: zaka 8 zodandaula uku ukugulabe ndi zaka 8 za phindu.

Phokoso la ku Angola litakula, Apwitikizi adayang'ana kwina. Kuyambira mu 1908 adayamba kutumiza ku São Tomé anthu a ku Mozambique, ambiri ochokera cha ku Quelimane ndi kumpoto kwake. Kumeneko ndi kwawo kwa Alhomwe ndi abale awo Amakua. Ndiye pa anthu a dera limodzi, wina adakwera sitima kukathyola koko, wina adawoloka malire kudzatola thonje kwa Listonia. Nkhani ya chokoleti si yachilendo kwa ife monga timaganizira.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adalowa m'nyumba ya Listonia ku Magomero n'kumudula mutu. Mzungu wina, Duncan MacCormick, adaphedwa usiku womwewo, ndipo ku Mwanje adapha winanso, Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azunguwo adawatenga koma sadawavulaze, ndipo adawabweza. Mawa lake Chilembwe adalalikira ku Mbombwe mutu uja uli poonekera. Pa 3 Febuluwale iye adawomberedwa akuthawira kumalire a Mozambique, otsatira ake ambiri adanyongedwa kapena kuwomberedwa, tchalitchi chake chanjerwa chidaphulitsidwa, ndipo mishoniyo idakhala yotseka mpaka Dr Daniel Sharpe Malikebu atadzaitsegulanso mu 1926. Komiti yofufuza, imene idatulutsa lipoti lake mu 1916, idavomereza kuti Listonia ankazunza anthu. Koma adali atafa kale, ndiye kumuloza chala kudali kosavuta. Bruce sadalandire chilango chilichonse. Chala china chidaloza sukulu za mishoni zoyendetsedwa ndi anthu akuda, ngati kuti vuto lidali kuphunzira.

Thangata idapitirira. Lamulo la 1928 lidangoikonza apa ndi apo, komiti ya Sir Sidney Abrahams ya 1946 idalangiza boma kuti ligule malo a maesiteti, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 boma lidagula gawo lalikulu la malo a Bruce, ndipo thangata idathetsedwa mu 1962, patatha zaka 47 chiphedwere Chilembwe. Koma chinthu china chidali chitabadwa kale. Thonje litalowa pansi m'zaka za m'ma 1920, esiteti ya Bruce idayamba kuuza anthu ake kuti azilima okha fodya wa chikopa m'minda mwawo n'kumagulitsa kwa mwini malo pamtengo wonena iyeyo. Kapitawo woyeza ndime sadafunikirenso kwenikweni. Banja linkadzithamangitsa lokha, ana ndi akulu omwe. Ulimi wa matenanti umene tikuudziwa lero muzu wake wina ndi umenewu.

Ndipo ndi momwenso koko amalimidwira masiku ano. Côte d'Ivoire ndi Ghana amatulutsa gawo lalikulu la koko wa padziko lonse, osati m'maesiteti akuluakulu koma m'timinda ta mabanja. Ana amaswa zipatso za koko ndi zikwanje, amasenza matumba olemera, amakhala pafupi pothira mankhwala. Ambiri ndi ana a eni mindayo. Ena, ochepa koma alipo, amatengedwa ku Mali ndi ku Burkina Faso atalonjezedwa ndalama, ndipo amagwira zaka osalandira kanthu, osatha kubwerera. Nkhani zitaphulika m'manyuzipepala, mu Seputembala 2001 makampani a chokoleti adasaina pangano la Harkin-Engel, lotchedwa ndi mayina a aphungu awiri a ku America, kulonjeza kuti pofika Julayi 2005 ntchito zoipitsitsa za ana zidzakhala zitatha. Tsikulo lidasunthidwa kupita ku 2008, kenako 2010, kenako 2020, lonjezo nalo likucheperachepera. Mu 2020 bungwe la NORC la ku University of Chicago lidapeza kuti ana 1.56 miliyoni ankagwirabe ntchito m'minda ya koko m'maiko awiriwa, ndipo 1.48 miliyoni mwa iwo ankagwira ntchito zoopsa. Amuna 6 a ku Mali, amene adati adagwidwa ukapolo ali ana, adasumira Nestlé ndi Cargill ku America. Mu Juni 2021 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti mlanduwo sungapitirire chifukwa zoipazo zidachitikira kunja kwa America. Phindu lidawoloka nyanja bwinobwino, mlandu ndiwo udakanika kuwoloka.

Ife tisaseke. Chokoleti chathu ndi fodya. Chaka ndi chaka, mvula isadagwe, malole akhala akutenga mabanja m'maboma a kummwera kumene malo ndi ochepa, kupita nawo kumaesiteti a ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi. Mgwirizano umakhala wa bambo. Chimanga, mchere ndi feteleza amapatsidwa pangongole, ndipo malipiro amabwera fodya akagulitsidwa, mwini esiteti atachotsera zonse. Ena amatuluka opanda ndi ya basi yomwe, n'kukhalanso chaka china. Kuti banja likwanitse ntchito ya kunazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, ana onse amalowapo. Masamba onyowa amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire, mutu ndi mseru. Mu 2009 bungwe la Plan lidati ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'maesiteti a fodya m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa 2015 adapeza kuti ana 38 mwa 100 aliwonse a zaka 5 mpaka 17 adali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo. Mu Novembala 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi aziyamba wagwidwa padoko chifukwa cha nkhani yomweyi. Mu Disembala 2020 matenanti ndi ana awo oposa 7,000 adasumira British American Tobacco ndi Imperial kukhoti la ku London. Makampaniwo adaukana mlanduwo. Imperial ndi yomwe ija idatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908, Listonia akadali moyo.

Apa ena amakwiya, ndipo mkwiyo wawo ndi womveka. Amati azungu asatiphunzitse kulera. Tonse tidakula tikupalira, kutunga madzi, kudyetsa mbuzi, ndipo mwana wosadziwa khasu kumudzi ndi mwana wolephera. Zoona. Lamulo lathu la zantchito la 2000, limene limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, silimanga kholo chifukwa chotuma mwana pakhomo. Koma kusiyana kwake aliyense amakudziwa, ngakhale amene amachita ngati sakukudziwa. Mwana wopalira munda wa chimanga Loweruka adzadya nsima yake. Mwana wosoka fodya Lachiwiri m'mawa, anzake ali m'kalasi, akugwirira munthu amene sadzamuona, ndipo sangaleke chifukwa ngongole ya bambo ake yamanga banja lonse. Funso si lakuti mwana wagwira khasu kapena ayi. Funso ndi lakuti thukuta lake likupita m'thumba la yani, ndipo akatopa angathe kuchoka?

Komanso sindigwirizana ndi amene amathamangira kudzudzula kholo. Mlimi wa koko salandira ngakhale K10 pa K100 iliyonse imene wogula amalipira chokoleti m'sitolo. Tenanti wa fodya ali pansi penipeni pa mzere wautali: mwini esiteti, kampani yogula masamba ku okushoni kapena pa kontirakiti, kenako kampani yopanga ndudu. Aliyense mumzeremo amaloza wapansi pake, ndipo wapamwamba amati sindingadziwe zochitika m'munda uliwonse. Koma amene amaika mtengo ndiye amayeza ndime. Ukagula pamtengo umene munthu wamkulu sangalipire nawo waganyu, walemba ntchito mwana wake, kaya dzina la mwanayo lili m'buku lako kaya mulibe. Bruce ankadziwa zimenezi, Cadbury adazidziwa zaka 8, ndipo makampani a lero, amene amatha kutsata belo lililonse ndi thumba lililonse pofuna kudziwa ubwino wake, sanganene kuti pa nkhani ya ana pokha ndiye maso awo saona.

Kungosiya kugula nako sikuchiza. Cadbury itachoka ku São Tomé koko uja adagulidwa ndi ena, ndipo amishoni atachoka ku Magomero ana adatsala ndi njala yawo. Chimene chidasintha zinthu ku Magomero ndi malo olima kubwerera kwa anthu ndiponso sukulu imene palibe angaitenthe. Ghana ndi Côte d'Ivoire adagwirizana mu 2019 zowonjezera madola 400 pa tani iliyonse ya koko kuti mlimi apezeko kanthu, ndipo ogula ena adayesetsa kuzemba. Kuno kwathu pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, mapangano a bungwe la ILO okhudza ntchito za ana, a nambala 138 ndi 182, tidasaina mu 1999, lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu lidabwera mu 2015, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa ulimi wa matenanti. Malamulo sitikusowa. Thangata nayo idali ndi malamulo oiletsa kupitirira miyezi iwiri.

Mafumu a ku Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje, lole ikafika kudzatenga mabanja, funsani kuti ana akukwerawo akaphunzira sukulu iti, ndipo lembani mayina awo ndi dzina la esiteti. Aphunzitsi aakulu a ku Kasungu ndi Mchinji, kaundula wanu amaonetsa ana amene amasowa m'kalasi dzinja lililonse, mupite naye kwa a zantchito. Ndipo inu a zantchito, kayendereni maesiteti mu Febuluwale, nthawi yothyola ndi kusoka, osati mu Julayi zigafa zili mbee.